Sa Re Ga Ma: Zimene Nyimbo za Kumpoto kwa India Zingatiphunzitse Ife Aphunzitsi a Mawa

Ndili mwana ku Mposa, pamsika pathu panali kanyumba ka vidiyo komwe masana ankaonetsa mafilimu a Amwenye. Ife tinalibe ndalama yolowera, choncho tinkakhala kuseri n'kumamvetsera. Nyimbo ikangoyamba tinkatsina mphuno n'kumayeserera, mawu tikuwakoka ngati mwana wolumidwa ndi mavu, kenako n'kufa nazo nseko. Kwa ife kumeneko sikunali kuimba. Kunali kulira.

Teremu yatha, m'kalasi ya njira zophunzitsira, tinapatsidwa ntchito yakuti aliyense asankhe chinthu chimene amachiseka chifukwa chosachidziwa, achifufuze, adzafotokozere anzake. Ine ndinakumbuka kanyumba ka vidiyo kaja. Ndinapeza kuti nyimbo zambiri za m'mafilimuwa zinaphuka pa tsinde la mayimbidwe akale a kumpoto kwa India, otchedwa a Chihindustani, ndipo dzina lomweli ndi la chilankhulo chimene amalankhula m'mafilimumo. Phunziro lino likunena za ziwirizi, komanso za funso limene zinandisiyira: kodi luso la makolo limapulumuka bwanji eni ake akamatha?

Mawu amene tili nawo kale pakamwa

Tiyambe ndi mawu akuti galimoto. "Moto" tonse tikumudziwa. Nanga "gali"? Ameneyu ndi "gaari", mawu a Chihindustani otanthauza ngolo kapena chokwera chilichonse cha mateyala. Analowa m'Chiswahili kudzera mwa amalonda a m'mbali mwa nyanja ya mchere, kenako anafika kuno. Galimoto ndi ngolo yamoto.

Mayi akamakuikirani ndiwo inu n'kunena kuti "basi", mwanena mawu amene munthu wa ku Delhi angawamve, chifukwa iyenso amati "bas" akafuna kunena kuti zakwana. Gwero lake ndi Chiperisiya, ndipo Chihindustani ndi Chiswahili zonse zinatapa pamenepo. Achali wa mango, chapati ndi samusa zinabwera ndi mayina ake omwe. Dobi wochapa zovala ndi "dhobi". Agogo athu ankawerenga ndalama m'malupiya, dzina lochokera ku "rupee" ya ku India. Ngakhale bafuta amene timamuwerenga m'Baibulo lathu la Chichewa ndi "bafta", nsalu yoyera imene inkalukidwa ku India n'kumagulitsidwa m'madoko a kum'mawa kwa Africa.

Chilankhulochi chinamvekanso pafupi ndi kwathu m'njira yowawa. Mu 1891 Harry Johnston anaitanitsa asilikali pafupifupi 70 kuchokera ku India, ena Asikhi ena Asilamu, motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire, kuti akhazikitse ulamuliro wa Angerezi. Ambiri mwa iwo kwawo ankalankhula Chipunjabi, koma chilankhulo cha ntchito m'gulu lankhondo la India chinali Chihindustani. Asilikali a ku India analinso m'gulu limene mu 1895 linalanda linga la mfumu Kawinga pa phiri la Chikala, phiri lomwe anthu a ku Mposa timaliona tikangotuluka m'nyumba. Pambuyo pawo panabwera amalonda, ambiri olankhula Chigujarati, amene anatsegula masitolo m'matauni ndi m'midzi. M'zaka za m'ma 1970 boma linawalamula kuchoka kumidzi kukakhala m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba, ndipo ambiri anasamukira ku Britain. Takhala nawo zaka zoposa 130, koma ambirife timangodziwa sitolo yawo ndi filimu yawo.

Chilankhulo chimodzi, mayina awiri

Chihindustani chinakulira mumzinda wa Delhi ndi madera ozungulira. Malamulo ake ndi mawu ake a tsiku ndi tsiku anachokera ku zilankhulo zakale za ku India, koma kwa zaka mazana ambiri chinkatolanso mawu a Chiperisiya ndi Chiarabu m'nyumba za mafumu, m'misasa ya asilikali ndi m'misika. Mlakatuli Amir Khusrau, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1253 mpaka 1325, ankachitchula kuti Hindavi.

Lero chili ndi mayina awiri. Chikalembedwa ndi zilembo za Devanagari, kuyambira kumanzere kupita kumanja, n'kumatenga mawu ozama ku Sanskrit, chimatchedwa Hindi. Chikalembedwa ndi zilembo zochokera ku Chiarabu, kuyambira kumanja kupita kumanzere, n'kumatenga mawu ozama ku Chiperisiya, chimatchedwa Urdu. Dziko litagawika mu 1947, India anasankha Hindi kukhala chilankhulo cha boma, Pakistan anasankha Urdu. Mahatma Gandhi ankafuna Chihindustani chapakati chimene Mhindu ndi Msilamu onse angachitche chawo, koma maganizo ake sanatheke. Chodabwitsa n'chakuti anthu awiriwa akakumana pamsika amatsatsana malonda bwinobwino. Amasiyana akagwira cholembera.

Ife izi sizachilendo kwenikweni. Mu 1968 chilankhulo chimene chinkatchedwa Chinyanja chinapatsidwa dzina lakuti Chichewa kuno ku Malawi, pamene ku Zambia ndi ku Mozambique chidakali Chinyanja. Munthu wa ku Chipata ndi wa ku Dedza sasowa womasulira. Malire ndi ndale zimasintha dzina, koma pakamwa pa anthu pamachedwa kusintha.

Mawu a nyimbo zakale za kumpoto kwa India nthawi zambiri amakhala a Braj Bhasha, chilankhulo chachibale ndi Hindi, ndipo amakhala ochepa, mwina mizere iwiri kapena inayi. Woimba amatha kukhala nayo mizere imeneyo theka la ola. Kuti timvetse mmene zimathekera, tiyenera kuyamba ndi manotsi.

Sa re ga ma ndi do re mi

Aliyense amene anaimbapo kwaya ali ndi poyambira. Ife timati do re mi fa so la ti. Iwo amati sa re ga ma pa dha ni. Manotsi ndi 7 konsekonse. Monga mmene "do" wathu amasunthira kutengera kiyi imene woyambitsa wasankha, "sa" nayenso alibe malo okhazikika. Woimba aliyense amasankha "sa" woyenera kukhosi kwake, ndipo manotsi ena onse amayezedwa kuchokera pamenepo.

"Sa" ndi "pa" sasuntha. Manotsi 4, omwe ndi re, ga, dha ndi ni, akhoza kutsitsidwa pang'ono, ndipo akatero amatchedwa komal, kutanthauza ofewa. "Ma" yekha ndi amene amakwezedwa, ngati mmene ife timasinthira "fa" kukhala "fe". Mukawerenga onse akukwana 12, chimodzimodzi makiyi oyera ndi akuda a pa kiyibodi kuchokera pa "do" wina kufika pa mnzake.

Kusiyana kwakukulu kuli apa. Kwaya yathu imamanga nyimbo ngati nyumba yosanja: sopulano pamwamba, alito ndi tena pakati, besi pansi. Kwa iwo kulibe magawo anayi. Kuli mzere umodzi wa nyimbo, ndipo pansi pake pamalira chida cha zingwe zinayi chotchedwa tanpura, chimene chimangobwereza "sa" ndi "pa" kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Kukoma kumene ife timakupeza pophatikiza mawu a anthu anayi, iwo amakupeza pomvetsera mmene notsi iliyonse ikukhalira pamwamba pa "sa" wosasunthayo, ina ikugona mwamtendere, ina ikukoka khutu kufuna kubwerera kunyumba.

Tsopano tifike pa chimene tinkaseka chija. Ife timadumpha kuchoka pa "mi" kufika pa "do" ngati munthu wotsika masitepe. Iwo nthawi zambiri amatsetsereka, mawu akudutsa m'mipata yonse ya pakati osaduka. Kutsetserekaku amakutcha meend, ndipo wophunzira amatha zaka akuyeserera kuti ayambire pa malo oyenera ndi kukaima ndendende pamene akufuna. Chimene ine ndinkachitcha kulira ndi chimodzi mwa zinthu zovuta kwambiri pa luso lonseli.

Raga si chuni, komanso si sikelo chabe

Mtima wa mayimbidwewa ndi raga. Raga imakhala ndi manotsi ake osankhidwa, osachepera 5, njira yake yokwerera ndi yotsikira, notsi imene imalemekezedwa kuposa zina, ndi tizigawo timene munthu wodziwa akangotimva amazindikira. M'kati mwa malamulo amenewa woimba amapeka pomwepo. Raga imodzi ikaimbidwa Lolemba ndi Lachiwiri siituluka mofanana, koma sisochera.

Yesani izi. Imbani pang'onopang'ono do re mi so la do, kenako mutsike, osakhudza "fa" kapena "ti". Muzipumira pa "mi" ndi kubwererapo kawirikawiri. Mwayandikira raga yotchedwa Bhupali, imene imaimbidwa madzulo. Tsopano imbani manotsi omwewo koma muzikhala kumtunda, mukupumira pa "la". Mwayandikira raga ina, Deshkar, imene ndi ya m'mawa. Manotsi ndi amodzimodzi koma maraga ndi awiri, monga mmene ufa umodzi umaphikira nsima ndi phala.

Nkhani ya nthawiyi ndi yofunika kwa iwo. Bhairav, imene ili ndi re ndi dha wofewa, ndi ya mbandakucha. Yaman, ya "ma" wokwezedwa, ndi ya chisisira. Darbari Kanada ndi ya usiku pakati, ndipo mbiri imaigwirizanitsa ndi Tansen, woimba wa m'nyumba ya mfumu Akbar imene inalamulira kuyambira 1556 mpaka 1605. Maraga a banja la Malhar ndi a nyengo ya mvula. Wina angadabwe, koma ifenso sitiimba nyimbo ya pamtondo pamaliro, ndipo woyambitsa nyimbo wanzeru amadziwa kuti ya kulowa kwa dzuwa ndi yosiyana ndi ya m'mawa.

Kuimba kumayamba ndi gawo lotchedwa alap, lopanda ng'oma. Woimba amatulutsa manotsi a raga imodziimodzi, mosafulumira, ngati mwini nyumba amene akuonetsa mlendo zipinda. Akamaliza m'pamene ng'oma imalowa.

Tala: nthawi yoyenda mozungulira

Ng'oma yodziwika kwambiri ndi tabla, yomwe ndi ng'oma ziwiri zazing'ono, ina yamawu okwera ina yamawu otsika, zoimbidwa ndi zala ndi zikhatho. Imasunga tala, ndiko kuti mkombero wa kugunda umene umazungulira n'kubwerera poyambira. Tintal ili ndi kugunda 16 m'magulu anayi a 4. Jhaptal ili ndi 10, ogawidwa 2, 3, 2, 3. Rupak ili ndi 7, ogawidwa 3, 2, 2.

Tintal mukhoza kuiyesa ndi mnzanu m'chipinda. Werengani kuyambira 1 mpaka 16 mobwerezabwereza. Ombani m'manja pa 1, pa 5 ndi pa 13. Pa 9 musaombe, mungotembenuza dzanja m'mwamba. Malo opanda kuombawo amatchedwa khali, kutanthauza opanda kanthu, ndipo ndi amene amadziwitsa woimba kuti wafika pakati pa ulendo. Kugunda koyamba kumatchedwa sam. Woimba ndi woimba ng'oma akhoza kusiyana njira, aliyense akupeka zake, koma ayenera kukumana pa sam nthawi imodzi. Akakumanapo omvera amagwedeza mitu mokhutira.

Kwa ife aphunzitsi chofunika kwambiri ndi ichi: kamenyedwe kalikonse ka tabla kali ndi dzina lake lotchulika pakamwa, monga dha, dhin, tin, ta. Magulu anayi a Tintal amanenedwa motere: dha dhin dhin dha, dha dhin dhin dha, dha tin tin ta, ta dhin dhin dha. Mwana amayamba walankhula ng'omayo asanaigwire. Pakamwa pakakhoza, zala zimatsatira.

Mmene lusoli linapulumukira

Kwa zaka mazana ambiri mayimbidwewa sankaphunziridwa m'buku. Wophunzira ankakakhala pakhomo pa mphunzitsi wake, amene Ahindu amamutcha guru ndipo Asilamu amamutcha ustad, n'kumatumikira ndi kumvetsera. Mabanja a oimba anali ndi njira zawozawo zotchedwa gharana, monga za ku Gwalior, Agra ndi Kirana. Ravi Shankar, katswiri wa chida cha zingwe chotchedwa sitar, anakhala ku Maihar kuyambira 1938 mpaka 1944 akuphunzira kwa Allauddin Khan. Wophunzirayo anali Mhindu, mphunzitsiyo Msilamu, ndipo zoterezi sizinali zachilendo pa lusoli.

Njira imeneyi inkatulutsa akatswiri, koma inali ndi ngozi yake. Mabanja ambiri ankabisa nyimbo zawo, n'kumaphunzitsa ana awo okha. Nyumba za mafumu zimene zinkadyetsa oimba zitayamba kufooka, nkhalamba ikamwalira inkapita ndi nyimbo zake kumanda.

Anthu awiri anaona ngoziyi. Vishnu Narayan Bhatkhande, wobadwa mu 1860, anali loya ku Bombay. Anayenda m'madera ambiri a India akupempha akatswiri kuti amuimbire, n'kumalemba zimene wamva. Anakonza njira yolembera manotsi pogwiritsa ntchito sa re ga ma yemweyo, anasanja maraga m'mabanja 10, ndipo anathandiza kukhazikitsa sukulu ya nyimbo ku Lucknow mu 1926. Vishnu Digambar Paluskar, amene maso ake anaonongeka ali mwana, anatsegula sukulu ya nyimbo ku Lahore mu 1901, yolandira aliyense posayang'ana kuti ndi mwana wa yani, ndipo ophunzira ake anakatsegula masukulu ena.

Akatswiri ena anadandaula kuti pepala silingasunge meend, ndipo sankanama. Mkangano wofanana unabuka pa harmonium, kalimba kopopa mpweya kamene kanabwera ndi Azungu, kenako amisiri a ku Calcutta n'kukasintha kuti munthu azikaimba atakhala pansi. Popeza makiyi ake satsetsereka, wailesi ya All India Radio inakaletsa mu 1940, ndipo chiletsocho chinayamba kufewa mu 1971. Mapeto ake palibe mbali imene inagonjetsa inzake. Buku linasunga mafupa a nyimbo, sukulu inatsegulira khomo anthu ambiri, koma mnofu wake umaperekedwabe kuchoka pakamwa pa mphunzitsi kupita m'khutu la wophunzira.

Wina angafunse ngati n'koyenera kuti ife tiziphunzira zimenezi, poti mawu a nyimbo zambiri amatamanda milungu ya Chihindu. N'zoona kuti ambiri amatero, pamene ena amanena za mvula, chikondi kapena kusowa wokondedwa. Koma kudziwa kamangidwe ka raga n'kosiyana ndi kupembedza. Akhristu a ku Punjab anaika Masalimo m'chilankhulo chawo ndi m'mayimbidwe akwawo, buku lake linatuluka mu 1908, ndipo akuwaimbabe mpaka lero.

Tibwerere ku Mposa

Agogo anga aamuna anali ndi mangolongondo kumunda, mitengo yosemedwa yoyalidwa pa mathunthu awiri a nthochi. Ankaimba ndi mnzawo, wina mbali iyi wina mbali inayo, kuopseza anyani otsika m'phiri la Chikala. Tsiku lina ndili ndi zaka 9 ndinatola timitengo toimbira n'kuyamba kumenya chisawawa. Anandigwira dzanja nati, "Mdzukulu, yamba waimba ndi pakamwa. Manja abwera pambuyo." Anandiimbira kagawo kanga kangapo kuti ndibwereze. Ndinatopa msanga n'kuthawira ku mpira.

Anamwalira ine ndili Fomu 2 ku sukulu yogonera. Nditapita kutchuthi ndinapeza mitengo ija inasonkhezedwa pamoto. Lero ndikhoza kukulemberani Tintal yonse ya ku Delhi, koma sindingakuimbireni nyimbo imodzi ya agogo anga, ndipo sindidziwa dzina la mtengo umene ankasema. Njira yawo yophunzitsira inali yomweyo ya aphunzitsi a tabla. Chimene chinasowa ndi wophunzira wodekha, komanso munthu wolemba.

Sikuti palibe amene anayesapo. Hugh Tracey anajambula nyimbo za kuno m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music ku South Africa. Gerhard Kubik ndi Moya Aliya Malamusi agwira ntchito yaikulu yofufuza ndi kujambula nyimbo za kum'mwera kwa Malawi. Koma zojambulidwa zimene zili m'kabati kutali siziphunzitsa mwana wa ku Mposa, wa ku Ntaja kapena wa ku Ulongwe. Bhatkhande anasonkhanitsa, Paluskar anaphunzitsa, ndipo India anafunika onse awiri. Gawo lachiwirili ndi la ife amene tikuphunzira uphunzitsi.

Tchuthi chikubwerachi, aliyense wa ife afunefune munthu wamkulu mmodzi kwawo amene amaimba bangwe, kaligo, mangolongondo kapena ng'oma. Mupite mwaulemu, mupemphe chilolezo musanatulutse foni. Mufunse dzina la chidacho ndi la chigawo chake chilichonse m'chilankhulo chawo, mufunse amene anawaphunzitsa, nthawi imene nyimboyo imaimbidwa, ndi mawu amene amatchula pophunzitsa kamenyedwe. Zimene zingalembeke ndi do re mi mulembe, ndipo pamene do re mi akukana musakakamize nyimbo kuti ilowe m'kiyibodi, mungolemba kuti apa mawu akutsetsereka kapena akugwera pakati. Koposa zonse mukhale pansi muphunzire nyimbo imodzi mpaka eni ake avomere kuti mwakhoza. Imeneyo ndi imene mudzapite nayo m'kalasi.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tchulani mawu ena a Chichewa kapena Chiyao amene mukuganiza kuti anabwera ndi amalonda. Mungatsimikize bwanji gwero lake?
2. Imbani Bhupali ndi Deshkar monga tafotokozera. Kodi mnzanu amene watseka maso angathe kusiyanitsa?
3. Pa phunziro limene inu mudzaphunzitse, ndi ziti zimene buku lingasunge, ndipo ndi ziti zimene mwana angazitenge kwa mphunzitsi yekha?
4. Kwanu ndani amene akamwalira lero angapite ndi nyimbo zimene wina aliyense sazidziwa?